Anandipachika Pakhoma ku Petauke

Mwamuna wanga anali wolemba zikwangwani. Amene munadutsapo mu Petauke zaka zimenezo munaiona ntchito yake ngakhale iye simunamudziwe: ng'ombe yonenepa pakhoma la butchala, mitu ya anyamata pa tinyumba tometela tsitsi, tambala wonyamula botolo pa bala ina ya kumsika. Ine ndinkasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwelela mabasi. Kwathu ndi ku Nyimba, ku Petauke ndinapitila ukwati. Madzulo iye ankabwela akununkha penti ndi palafini, ine ulusi uli m'tsitsi, ndipo tinkakhala bwino. Chimene chinkasowa m'nyumba mwathu ndi mwana. Tinamudikila zaka zambili, mpaka apongozi anga anatopa nako kufunsa.

Kenako mu Petauke munatsegulidwa nyumba yoonetselamo zojambula. Amene anaitsegula anali amai ena obadwila komweko, koma okhala nthawi yaitali ku Lusaka ndi kunja kwa dziko. Anatenga shedi yakale yosungilamo thonje kuseli kwa maofesi a boma, anaipaka njeleza mkati monse, n'kuikamo magetsi oyang'ana kukhoma. Poyamba anthu ankayesa tchalitchi chatsopano. Makatani ake ndinasoka ndine, ndiye pa chionetselo choyamba anandiitana. Munali zithunzi za maenje akale a golide a ku Sasare, munali munthu wopangidwa ndi mawaya ndi zitini, munalinso makasu akutha omangidwa pamodzi, akulendewela kudenga. Mkulu wina wa kumudzi anawayang'anitsitsa makasuwo, kenako anafunsa ngati angamugulitseko limodzi lomwe linali likadali ndi moyo. Tinaseka tonse. Sindinama, malo aja ndinkawakonda. Loweluka lina kunkakhala oimba, lina ana a sukulu atagona chafufumimba pansi akujambula, ndipo munthu unkalowa osafunsidwa kuti ndiwe yani.

Mwamuna wanga ndiye anachita kugwidwa nawo mtima. Akaweluka ankapita kukaima kutsogolo kwa chithunzi chimodzi mpaka atseke. Amai aja atamva kuti tambala wa pa bala uja ndi dzanja lake, anamuitanitsa. Anamuuza kuti dzanja ali nalo, koma akulithela pa ng'ombe za eni butchala, ndipo wojambula weniweni amajambula chimene chikumusowetsa tulo. Mawu amenewa anabwela nawo kunyumba ngati vesi la pamtima. Anamupatsa kachipinda ka kumbuyo kwa shedi, nsalu zolimba zojambulapo ndi penti wa m'timachubu. Anajambula azimai a pamsika, anajambula njinga yosenza makala. Amai aja anati n'zokongola, koma zikufanana ndi za pa kalenda. Tsiku limenelo sanadye, ndipo ndine ndinamutonthoza kuti asataye mtima.

Chaka chomwecho ndinaima. Sindingathe kufotokoza mmene nyumba yathu inasinthila. Munthu wosalankhulalankhula uja anayamba kuimba posamba. Analeka kunditchula dzina, ankangoti amake mwana, ine n'kumamuletsa kuti asafulumile, mwana wosabadwa satamidwa. Ndinaluka shawelo yoyela, ndinagula beseni la buluu, n'kuzibisa pansi pa bedi.

M'mwezi womaliza mwana analeka kugunda m'mimba. Kuchipatala anamwino anachita zimene akanatha, koma anabadwa atafa kale. Anali mwamuna. Anandionetsa kamphindi, kenako apongozi ndi azakhali a mwamuna wanga anamukulunga n'kupita naye. Kwathu mwana wotele salilidwa. Amakaikidwa ndi azimai okhaokha, mwakachetechete, opanda nyimbo, ndipo atate ake sapitako. Azakhali aja anandigwila dzanja n'kundiuza kuti ndisalile mokweza, ndingatseke njila ya ena obwela m'mbuyo. Ndinamvela. Misozi ndinkangomeza.

Koma mkaka sunadziwe kuti mwana kulibe. Unabwela wambili, mabele anatupa n'kuuma ngati miyala. Apongozi anandimanga pachifuwa ndi chitenge changa chachikasu cha maluwa ofiila, anakoka mpaka mpweya kundithela, n'kumanga mfundo kumsana. Bulauzi sinkatheka kuvala. Ndinkakhala pamphasa m'chipinda chogona, nkhope kukhoma, msana uli pamtunda, mkaka ukudutsa m'nsalu n'kumayendelela pamimba. Mwamuna wanga sanapite kuntchito masiku amenewo. Ankatenga kampando n'kukhala pakhomo la chipindacho, osanena kanthu, akungondiyang'ana. Ndinkamumva kumbuyo kwanga akupuma. Mumtima ndinkati, munthu uyu mawu alibe, koma sanandithawe. Pa zonse za nthawi imeneyo, chimene chinandigwila kuti ndisapenge ndi chimenecho.

Nditapezako mphamvu, akulu anga anabwela kudzanditenga kuti ndikapumule kwawo ku Nyimba. Ndinakhalako nyengo yonse yozizila. Mwamuna wanga ankaimba foni kawilikawili. Anandiuza kuti wayambanso kujambula, ndi kuti amai aja ataona anakhala pansi n'kunena kuti tsopano wapeza chimene ankachifuna. Anati amaiwo adzamupangila chionetselo chakechake, dzina lake lokha pakhomo. Nditafunsa kuti akujambula chiyani, anangoti ndidzaona. Ndinakondwela kuti mwa awilife mmodzi wayamba kudzuka. Ndinabweleka makina kwa mnansi wa akulu anga n'kusoka dilesi langa ndi shati yake kuchokela pa nsalu imodzi. Shatiyo ndinaitumiza ndi kondakitala wa minibasi.

Tsiku lotsegulila ndinapita ndi akulu anga ndi amuna awo. Alamu angawo ndi mkulu wa mpingo, ndipo atate athu atamwalila ndi iwo anaima m'malo mwawo pa ukwati wanga. Ndi munthu amene sindinakhalepo naye pampando umodzi, ndikamawapatsa madzi ndimagwada. Ananyamula mkoko wa nthochi za kumunda kwawo kuti akapatse mwini malo. M'minibasi ankauza aliyense kuti akupita kukaona ntchito ya mkamwini wawo.

Linali Loweluka masana. Panja pa shedi anamanga tenti, anaika mipando, panali magalimoto ochokela ku Lusaka ndi ku Chipata. Zitseko zinali zotseka. Analankhula bwana wina wa kuboma, kenako amai aja. Anati lelo tiona munthu wolimba mtima amene sanaope kutsegula bala lake pamaso pa anthu. Mwamuna wanga anali ataima pambali pawo, atavala shati ija, maso ali pansi. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ine ndinkayesa manyazi a anthu. Apongozi kunalibe, anati miyendo ikuwawa. Ndinaona anyamata amene anathandiza kupachika zithunzi akundiyang'ana n'kutembenuka msanga, koma sindinaganizepo kanthu.

Atatsegula tinalowa mwa oyambilila, chifukwa amai aja anandigwila pamkono kuti mkazi wa wojambula atsogole. Chithunzi choyamba chinali chaching'ono: shawelo yoyela yopindidwa pampando. Ndinaizindikila ndi pakona pamene ndinalakwitsa poluka. Chachiwili chinali beseni la buluu lopanda madzi. Ndinakweza maso kuti ndifune mwamuna wanga, ndipo m'malo mwake ndinadziona ndekha pakhoma la kumapeto.

Chithunzicho chinali chachikulu kuposa chitseko. Ndinali pamphasa, msana uli pamtunda, chitenge chachikasu chitandimanga pachifuwa, mnofu utatumphuka pamwamba pa nsalu. Anajambula kunyowa kwa mkaka, ndi kanjila kake kotsika m'nthiti. Anajambula chipsela cha paphewa langa, pamene ndinapsa ndi phala ndili mwana, chimene sanachionepo mwamuna wina aliyense koma iye. Nkhope inali yotembenukila cham'mbali, pakamwa pali yasa, ndipo aliyense wogula yunifolomu pakhonde lija akanaidziwa. Pansi pake panali kapepala kolembedwa m'Chingelezi ndi m'Chinyanja. Dzina la chithunzicho linali Amake Mwana.

Anthu ankayang'ana kukhoma, n'kuyang'ana ine, n'kubwelelanso kukhoma. Alamu anga anaima kumbuyo kwanga pang'ono. Ndinawamva akuika mkoko wa nthochi pansi, ndipo potembenuka ndinangoona msana wawo akutuluka, chipewa chili m'manja. Akulu anga anamasula chitenge cha m'chiuno mwawo n'kuchiponya pa chithunzicho. Sichinakwane. Chinakola pakona, chinalendewela kamphindi, n'kugwa. Amai aja anachitola, anachipinda bwinobwino, n'kuwabwezela ndi manja awili, ngati akubweza chinthu chimene munthu wataya mwangozi.

Mlendo wina wa ku Lusaka, mtsikana wa magalasi aakulu, anandigwila manja onse awili misozi ili m'maso. Anandiuza m'Chingelezi kuti ndine wolimba mtima, ndipo anapempha kuti ndiime pafupi ndi chithunzicho andijambule. Mafoni anali atakwezedwa kale mbali zonse. Ndinachotsa manja anga n'kupita kwa mwini malo, ndinawapempha motsitsa mawu kuti achitsitse.

"Amai, ine ndimayesa kuti amuna anu anakuuzani," anatelo.

Ndinawayankha kuti sanandiuze, ndipo iwonso sanandifunse, chikhalilecho nambala yanga anali nayo kuyambila nthawi ya makatani. Anaoneka kuti zawakhudza, koma anati lelo sizingatheke, alendo achokela kutali chifukwa cha chithunzi chimenechi. Anawonjezela kuti azimai ambili m'dziko muno akufa ndi chinthu chimenechi mumtima, ndipo chithunzichi chiwatsegula pakamwa.

"Pakamwa panga ndi panga," ndinatelo. "Ndikanafuna kupatsegula ndikanatsegula ndekha."

Mwamuna wanga ndinakamupeza kuseli kwa shedi, pafupi ndi thanki ya madzi. Anali atatuluka thukuta mpaka shati ija kumamatila. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandipemphe. Anati ankadziwa kuti ndikanakana. Ndinati inde, ndikanakana, ndipo kudziwa zimenezo kukanamukwanila. Apo anakweza mutu, ndipo kanali koyamba kumuona akulila chimwalilile mwana.

"Nanenso anali mwana wanga. Munakamuika azimai nokhanokha, ine sindinaone ngakhale kaphazi kake. Manda ake sindikuwadziwa. Imwe munali ndi mkaka, munali ndi amai okumangani nsalu. Ine ndikanalilila kuti?"

"Mukanalilila pamphasa pomwe paja. Ndinali pomwepo."

Ndiye ndinamufunsa chimene chinkandiotcha kwambili, kuti masiku onse aja anakhala pakampando kumbuyo kwanga, ankadikila ine mkazi wake, kapena ankaloweza msana wanga kuti akaujambule. Ndinkafuna aname. Akananama mwina bwenzi tikukhala limodzi mpaka lelo. Anapukuta nkhope ndi dzanja, kenako anati, "Zonse ziwili."

Alamu ndi akulu anga anabwelela ku Nyimba madzulo omwewo osatsanzika kwa wina aliyense. Ine ndinatsala, chifukwa nyumba inali yanga ndipo makina anga anali komweko. Ndinaganiza kuti anthu alankhula sabata imodzi n'kuiwala.

Chithunzicho chinakhala pakhoma mwezi wathunthu. Aphunzitsi ankabweletsa ana a sukulu m'mizele, ana omwewo amene ndinkawayeza m'chiuno. Pakhonde la sitolo anthu ankachedwetsa mapazi podutsa. Anyamata oitanila mabasi anali nacho m'mafoni mwawo, ndipo wina anandifunsa mokuwa ngati mkaka unatha. Azimai a kumpingo kwathu anabwela atatu kunyumba kudzandifunsa kuti mkazi wobatizidwa amavula bwanji kuti ajambulidwe. Nditawauza kuti sindinadziwe, anayang'anana. Palibe anakhulupilila kuti munthu angajambulidwe chonchija osakhala dala kuti amujambule. Apongozi sanadzudzule mwana wawo. Anati wolakwa ndine, chifukwa zinthu zija ndi za azimai, ndinayenela kutseka chitseko. Anatinso ndisadzadabwe mimba ikadzakana kubwelanso, popeza za mwana uja zaonedwa ndi dziko lonse.

Panalinso ena obwela mosiyana. Amai ena a zaka zawo anabweletsa shati yoti ndiike batani, batani lili bwinobwino. Anakhala pabenchi n'kuyamba kundiuza za ana awo amene anaikidwa mwakachetechete zaka zambili zapitazo, ndi mmene amuna awo sanatchulepo nkhaniyo mpaka kufa. Analila, ine ndikupalasa makina. Pambuyo pawo anabwela ena, ndi enanso. Sindinathamangitse aliyense, ndipo ena a iwo ndimawakumbukila ndi chisoni chenicheni. Koma aliyense ankanditula katundu wake n'kupita atapepukidwa, ine n'kutsala nawo pamodzi ndi wanga amene ndinali ndisanamulile n'komwe. Mwini malo atamva zimenezi ananditumizila uthenga wosangalala, kuti ndaona tsopano zimene luso limachita. Kenako anandiitana kuti ndikakhale kutsogolo pa tsiku la zokambilana za azimai, ndikafotokoze nkhani yanga pansi pa chithunzicho. Sindinayankhe. Ndinamva kuti tsikulo linachitikabe, munadzaza, ndipo nkhani yanga anaifotokoza okha.

M'nyumba tinkakhala ngati anthu odikila basi imodzi. Ndinayamba kuvalila kubafa. Akandiyang'ana ndikusenda mbatata kapena ndikupesa tsitsi, ndinkadzifunsa kuti kodi apa akuona mkazi wake kapena akuona chopachika. Iye anayesetsa m'njila zake. Ankatunga madzi, ankabwela ndi nsomba zouma za ku Luangwa zimene ndimakonda. Koma kupepesa sanapepese, chifukwa mumtima mwake sanaone kuti analakwa. Nthawi ina anandiuza kuti pa zonse zimene wajambula m'moyo wake, choona ndi chimenechija chokha. Ndinamukhulupilila, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa koposa.

Chionetselo chitatha, chithunzicho chinapita ku Lusaka, ndipo kumeneko wina anachigula. Sindikudziwa kuti ndi yani. Kwinakwake kuli nyumba kapena ofesi imene anthu amamwa tiyi pansi pa msana wanga. Ndinafunsa mwamuna wanga ngati angachibweze, anati chinthu chikagulidwa si chakonso. Ndinamuuza kuti mawu amenewo akanayamba wawaganizila pamene chinali chikadali changa.

Mvula isanayambe ndinamasula makina anga pathebulo lake, ndinawakulunga m'bulangete, n'kukwela nawo minibasi ya ku Nyimba. Sindinathawe, ndinamuuza, ndipo anandinyamulila yekha thebulolo mpaka pokwelela. Tsopano ndimasokela pakhonde lina m'mbali mwa msewu waukulu, moyang'anana ndi azimai ogulitsa nthochi. Kunonso ena anachiona m'mafoni, koma ndi kwathu, amadziwa kusunga pakamwa. Alamu anga sanatchulepo za tsiku lija. Amandilankhula mwaulemu monga kale, koma chichokele ku Petauke sanandiyang'anepo kumaso. Ndikawapatsa madzi amayang'ana kapu.

Mwamuna wanga zikwangwani analeka. Ng'ombe ya pabutchala inafufutika, anaikapo chinsalu chosindikizidwa ndi makina. Iye amayenda ku Lusaka, nthawi zina kunja, ndipo Loweluka amaphunzitsa achinyamata m'shedi muja. Ndimamva kuti malowo akula, awonjezela chipinda china ndi pogulitsila tiyi. Sindinalowemonso. Ndikapita ku Petauke kukagula nsalu ndimazungulila njila ya kuchipatala.

Ukwati sunathe. Ankhoswe anakhalapo pansi kawili, koma anasowa pogwila, chifukwa munthuyo sanandimenye, sanandisiye ndi njala, sanapite kwa mkazi wina. Mmodzi wa iwo anandifunsa kuti kwenikweni mlandu wake ndi wotani, ndipo nditafotokoza anati chithunzi si munthu. Mwamuna wanga amabwela kuno pakapita miyezi. Amakhala ndi alamu pansi pa mtengo wa mango n'kumakamba za mitengo ya feteleza, ine ndimaphika, amadya, amagona kuchipinda cha alendo. M'mawa ndimamupelekeza kumsewu. Minibasi ikamayandikila amandifunsa kuti ndibwelela liti kunyumba, ine ndimati ndikamaliza mayunifolomu amene ndalandila. Amagwedeza mutu n'kukwela. Akudziwa bwino lomwe kuti sukulu zikatsegulila amabwela mayunifolomu ena.